Kachitofu ka Amuna Anga

Amuna anga anali Mbemba wa ku Luapula, ine Mchewa wa ku Katete, ndiye m'nyumba mwathu ku Kabwata kunyozana kunali ngati moni. Akadzuka m'mawa ankafunsa ngati wodya mbewa wagona bwino, ine n'kuyankha kuti ndagona bwino kuposa anyani a kwawo, amene amagona ndi diso limodzi poopa mphika. Anthu obwera kudzasoketsa zovala, amene sankadziwa chimbuya cha Abemba ndi ife a kum'mawa, ankaganiza kuti banja lili pafupi kutha. Banjalo silinathe mpaka imfa inadzalithetsa. Zimene ndikufuna kunena pano ndi za kanthu kamodzi kamene ndinatsala nako, kamene ndinachita kusankha ndekha pamaso pa anthu, popanda wondikakamiza.

Ine ndine telala. Makina anga, opalasa ndi phazi aja, amakhala pabalaza pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu. Amuna anga anali katswiri wa mawaya pa kampani ina ya boma, mpaka nthawi ija boma linayamba kugulitsa makampani ngati tomato wa pa msika wa Soweto dzuwa likapendeka. Powachotsa ntchito anangowagwira chanza basi, munthu wa mphamvu zake n'kukhala pakhomo. Nanenso ntchito inali itandithina, chifukwa salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, anali atasefukira mu City Market, ndipo mayi aliyense ankatha kuvala diresi la mzungu pa mtengo wa kabichi. Amene anandisunga ndi madona a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, amene sangapite ku kitchini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, atavala chofanana ndi mnzawo. Mwayi wina unali wakuti nyumba ya khansolo imene tinkakhalamo anatigulitsa, choncho pogona tinali napo.

Amuna anga sanali munthu wokhala manja lende. Anayamba kukonza mawailesi ndi ma TV, kenako zokuzira mawu, pakuti zaka zimenezo matchalitchi ankaphuka m'kalasi iliyonse ya sukulu, ndipo tchalitchi chilichonse chinkafuna kumveka kuposa cha m'kalasi yoyandikana. Akakonza kiyibodi ankati akuyesa ngati yachira, koma kuyesako kunkatenga masana onse. Ali mnyamata ku Mansa ankaimba gitala ya nyimbo za kwawo za kalindula, ndipo chinthu chija chinali chitangogona, sichinafe. Patapita zaka anagula kompyuta yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuiika m'kachipinda kakang'ono. Kachipindako tinkasungira mwana, koma Mulungu sanatipatse, ndipo tinali titasiya kale kukambirana zimenezo.

Kompyuta ija ndinadana nayo kuyambira tsiku loyamba, sindibisa. Ndinkaitchula kuti mkazi mnzanga. Ukalowa ndi tiyi umangoona nkhongo ya munthu, maso ali tong'o pagalasi, ukalankhula akuyankha kuti “ee” pa funso lofuna “ayi”. Ndinawauza kuti akanakwatira mkazi weniweni bola, bwenzi tikulandirana kusesa. Iwo anati mkazi weniweni sakanalola kukhala nyumba imodzi ndi munthu wonunkha mbewa.

Koma iwonso panali chimene sankachikonda pa kompyutayo. Ankati nyimbo sungaiumbe ndi kambewa kogwira ndi dzanja limodzi kaja, kumangoloza ndi kudina ngati kalaliki wa ku banki. Nyimbo imafuna zala. Ndiye anatenga chitini cha mabisiketi, n'kuchiboola, n'kumangiriramo timitu tozunguliza tochokera ku mawailesi akufa, timene timakweza ndi kutsitsa mawu tija. Iwo ankati manobu. Anazilumikiza ku kompyuta ndi mawaya awo, ndipo zinagwira ntchito, koma osati mowakhutiritsa. Tsiku lililonse ndinkamva kudandaula kuti manobuwo akulumpha, ati ukapotoza pang'ono mawu sasuntha, ukawonjezera pang'ono adumpha kale malo amene umafuna. Ndinkangoti pepani, ngati mmene umapepesera munthu amene walota zoipa.

Anali ndi mnzawo wa pamtima, amene anachotsedwa naye ntchito tsiku limodzi, yemwe anatsegula situdiyo kuseri kwa sitolo ina ku Northmead. Bambo ameneyu ndiye anawabweretsera kabokosi kenikeni ka manobu kuchokera ku Joni. Tsiku limene kanafika, amuna anga anasamba m'manja ndi sopo asanakatsegule, chinthu chimene sankachita ngakhale pofuna kudya. Kanali kakuda, kolemera, kakakulu ngati Baibulo la pa guwa, pamwamba pake pali manobu m'mizere, ndipo nobu iliyonse yazunguliridwa ndi timagetsi tating'ono tofiira. Iwo ankati kontorola. Ine nditakayang'ana ndinafunsa kuti poika mphika ndi pati, ndipo kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu kanali kachitofu.

Masana ena anandiitana kuti ndisiye kaye kusoka. Anandigwira dzanja n'kuliika pa nobu ya pachitini chija, n'kundiuza kuti ndipotoze pang'onopang'ono uku ndikumvetsera. Mawu a mayi wina woimba anali kutali, kenako mwadzidzidzi anali pafupi, ngati munthu wokwera masitepe. Ndiye anasamutsira dzanja langa pa kachitofu. Abale, nobu ija inkayenda mofewa, yolemera pang'ono, yosagwedera, ndipo mawu aja ankabwera mosadumpha, moti sukanatha kuloza pamene achokera kutali n'kufika pafupi. Anandifotokozera kuti pakati pa malo awiri amene chitini chinkadziwa, kabokosi aka kakudziwa malo ena ochuluka zedi. Nobu yakenso inalibe pothera, inkangozungulira, ndipo timagetsi tija ndi timene tinkasonyeza pamene wafika. Ndinawauza kuti zimenezo si zachilendo, pamakina anga palinso kozunguliza kothina ulusi, ndipo ukakapotoza mopitirira ngakhale pang'ono chabe nsalu imakwinyika. Anandiyang'ana mosangalala ngati ndawapatsa mphatso.

Ndili pakati podzitama choncho, khutu linandiuza kanthu. Mayi woimba uja ndinkamudziwa. Kumbuyo kwake kunkamveka makina osokera, ndipo makinawo anali ndi kachifuwa kamene ali nako anga okha lamba akamasuka. Ndinali ine.

Ndikamasoka ndimaimba osadziwa. Si nyimbo zenizeni ayi, koma zidutswa za kutchalitchi zosakaniza ndi zopeka zanga, nthawi zina zonena madona amene amalumbira kuti sananenepe, tepi yanga ndiyo yafupika. Munthu uja anali atabisa maikolofoni m'dengu la zidutswa za nsalu, waya wake n'kudutsitsa kunsi kwa kapeti. Ndinapsa mtima kwabasi. Ndinawatcha mbava, ndinati kwawo amaba ndi mawu omwe. Iwo anangoseka n'kunena kuti pamene ankandikwatira sanauzidwe kuti mawu atsala kwa makolo anga.

Mkwiyo utatsika ndinafunsa kuti akufuna atani nawo mawu okhwepa ngati amenewo, kapena akufuna andichititse manyazi pa wailesi. Apa sanaseke.

“Si za pa wailesi izi,” anatero. “Ndikufuna amveke mmene ndimakumvera ndikakhala muno, chitseko chili chotseka pang'ono, iwe usakudziwa kuti pali amene akumvetsera. Maikolofoni yamva mawu ako, koma sinamve mmene ine ndimamvera.”

Ndinangoti zamisala, n'kubwerera ku makina. Masana amenewo ndinasoka nditatseka pakamwa dala, koma m'mawa mwake ndinali nditaiwala kale.

Ntchito ija inawatengera nthawi yaitali moti mvula inabwera n'kupita. Phokoso la makina anga analisandutsa ng'oma, pansi pake n'kuyalapo besi ya kalindula ndi timawu tina ta kompyuta tonga mphepo. Koma chachikulu chinali mawu anga. Ankaiyambitsa nyimboyo, zala zili pa manobu, n'kumaitsatira ikamayenda, uku akupotoza apa pang'ono, apo pang'ono, maso ali otseka. Ikatha ankapukusa mutu n'kuyambiranso. Zonsezi ankachita atavala zomvetsera za m'makutu, choncho ine ndinkangoona mapewa akugwedezeka ndi zala zikuyenda. Ndinkawaseka kuti pa nthawi imene iwo akulimbana ndi nyimbo imodzi, ine ndaveka maukwati a Kabulonga yonse. Ndikapempha kuti ndimveko, ankati sinapse.

Kenako mapazi awo anayamba kutupa. Tinkati ndi kukhalitsa pampando. Akuti chakudza sichiimba ng'oma, koma chathuchi chinaimba ndithu, ndife amene tinatseka makutu. Pamene tinkapita kuchipatala anatiuza kuti ndi impso, ndipo kuyambira pamenepo moyo wathu unali wa mabenchi ndi mizere. Kutupa kuja kunakwera mpaka kunafika m'manja. Zala zimene zinkatola kawaya kochepa ngati tsitsi zinafufuma moti sankathanso kumanga batani la shati. Tsiku lina ndinawaona pachitseko akuyesa kugwira nobu, chala chikuterereka n'kukankha ndi ya pambali yomwe. Sanadziwe kuti ndawaona, ndipo sindinawauze.

Masana ena mvula itangokata, ine ndikusita diresi, anandiitana ndi mawu otsika. Anandikhazika pampando wawo, iwo n'kukhala pa kasitulu. Anachotsa zomvetsera za m'makutu zija kuti nyimbo itulukire m'masipika, anadina kompyuta ndi mfundo ya chala, n'kuika manja onse awiri pamiyendo.

Makina anga anayamba, besi n'kulowa. Ndiyeno timagetsi ta pa kachitofu tinayamba kuyenda tokha. Panalibe wogwira, koma apa kakukwera pang'onopang'ono, apo kakutsika, kena kakunjenjemera pamalo amodzi ngati kakukayika. Ndinati ufiti wa ku Luapula uja wafika poyera tsopano.

“Ndi manja anga amenewo,” anatero akumwetulira. “Paliponse pamene ndinapotoza, kakukumbukira.”

Kenako mayi uja anayamba kuimba. Sindidziwa kuti ndinene bwanji. Mawu ankachokera kuseri kwa khoma, ofewa, nthawi zina makina akuwaphimba, nthawi zina akutulukira pamwamba. Anali mawu anga, ndi kukhwepa kwake komwe, koma mayi ameneyo anali wokondwa, wosaopa kanthu, ndipo aliyense womumva akanafuna kukhala naye nyumba imodzi. Ine ndinkadziyesa mayi wolongolola, wosabereka, wa msana wopweteka. Sindinkadziwa kuti m'kachipinda muja munkafika munthu wotere. Pakati pa nyimbo kagetsi ka pakona kanayamba kukwera pang'onopang'ono, mawu aja n'kumayandikira, kuwala, ngati chitseko chikutseguka. Anandinong'oneza kuti pamenepo ndi pamene amaimirira n'kubwera pachitseko kudzandisuzumira. Kagetsi kaja kanakhala pamwamba kanthawi, kenako kanatsikanso, ndipo anati apo wabwerera kukakhala pansi, wodya mbewa asanatembenuke.

Anaizimitsa isanathe. Anati kumapeto sikunakonzeke, adzamaliza manja akaphwa. Misozi inali itandifika pachibwano, ndiye pofuna kubisa ndinati mayiyo akuimba mophonya, amuuze akalowe kwaya. Ndinatuluka kukazimitsa simbi. Nyimbo ija ndinaimva kamodzi kokhako.

Anamwalira nyengo yozizira, m'chipatala, ine ndili pambali pawo. Za masiku amenewo ndimakumbuka zidutswa. Mipando anaitulutsa panja, azibambo anakhala m'tenti, azimayi tinadzaza pabalaza pansi, makina anga atakankhidwira pakona n'kufunditsidwa chitenje. Abale anga a kum'mawa anagwira ntchito yawo ya chimbuya mokwanira, kupaka Abemba ufa kumaso ndi kuwanena kuti m'bale wawo watsamwa ndi mchira wa nyani. Anthu ankaseka ndi misozi. Ine ndinkangoganiza kuti munthu amene akanawabwezera bwino mawu amenewo ndi amene wagona m'bokosiyo.

Mayi wina woyandikana nafe anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti ndibise makina ndi mapepala a nyumba kwa iye. Tonse tinkadziwa akazi amasiye a mu Kabwata momwemo amene achibale a mwamuna anawasiya ndi mphasa yokha, makamaka wopanda mwana ngati ine. Ndinamuthokoza koma sindinabise kanthu, mphamvu zake ndinalibe. Mumtima ndinkangoti atenge zonse, koma nyimbo ija andisiyire.

M'mawa mwake titaika maliro panali msonkhano wa banja, umene iwo amati isambo lya mfwa. Anautsogolera ndi akulu awo a amuna anga, bambo a ku Kitwe amene anapuma ntchito ya mumgodi, mkulu wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi nditaweramitsa mutu, kudikira nkhwangwa. Koma bambo aja ananena kuti nyumba ndi ya mlamu wawo, makina ndi ake, mipando ndi mbale ndi zake, ndipo aliyense wotuluka ndi supuni adzayankha kwa iwo. Zogawana zinali za pathupi pa malemu zokha, zovala ndi zipangizo zawo, kuti wachibale aliyense akhale ndi chomukumbukira nacho m'bale wake. Anthu oipa alipo padziko, koma bambo amenewa sanali mmodzi wa iwo, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke.

Katundu anamuyala pamphasa kuseri kwa nyumba: nsapato, majekete, zida zokonzera mawailesi, kiyibodi, masipika, kompyuta, chitini cha mabisiketi chija, ndi kachitofu. Mawaya onse anali atawazula n'kuwaunjika m'beseni. Mnzawo wa ku Northmead uja kunalibe. Dzulo lake ananyamula nawo bokosi, koma msonkhano uwu unali wa banja lokha. Alamu anga anayang'ana katunduyo, n'kutembenukira kwa ine.

“Ba mulamu, yambani ndimwe. Tengani chimene mtima wanu ufuna.”

Sindinaganize kawiri. Ndinakwawa ndi maondo n'kunyamula kachitofu, n'kukafungatira pachifuwa. Azilamu ena anayang'anana, kudabwa kuti pa zinthu zonsezo ndasankha kanthu kosadziwika ntchito yake. Alamu aakulu anafunsa ngati ndi kokhako. Anandiuza kuti nditengenso china, mpaka analoza kompyuta ndi ndodo yawo, nati kapena iyi. Ndinakana. Ndinati ameneyo ndi mkazi mnzanga, wandilanda nkhope ya mwamuna zaka zonsezi, sindikufuna kumuonanso m'nyumba mwanga, amupatse mwana wamkazi wa alamu aakuluwo amene anali atangoyamba koleji, akamuthandize pa maphunziro. Anthu anaseka, kuseka koyamba kwenikweni chichitikire maliro. Mtsikanayo anabwera kudzandigwadira, akulira ndi kuthokoza. Ndinamva bwino mumtima, ndinadziona ngati ndachita chinthu chanzeru ndi chachifundo pa nthawi imodzi.

Miyezi yonse imene ndinavala zakuda, kachitofu sindinakalumikize ku magetsi. Ndinakasokera chivundikiro cha chitenje chimene iwo ankachikonda, n'kukaika patebulo lawo m'kachipinda muja. Sindinkafulumira. Ndinkaopa kuti ndikaimva nyimboyo msanga indithyola, komanso kungodziwa kuti ilipo kunkandidzutsa m'mawa. Anthu ankandiyamikira kuti ndalimba mtima. Sankadziwa kuti ine ndili ndi chinsinsi changa, chakuti manja a mwamuna wanga sanapite onse kumanda. Ndikamasesa ndinkakapatsa moni, nthawi zina n'kukanyoza pang'ono kuti kasaiwale kwawo. Ndinalonjeza kuti tsiku lovula zakuda ndi limene ndidzapite kukawaona akuimirira pachitseko paja.

Tsikulo litafika ndinasamba, ndinavala diresi lamaluwa, n'kukulunga kachitofu ngati khanda. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Northmead, nditakagwira pamiyendo njira yonse, kondakitala akundinena kuti ndanyamula golide. Mnzawo uja anandilandira bwino. Nditamasula chitenje anasisita manobu ndi chala. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzamva nyimbo yanga, andilumikizire ku masipika ake.

Anandiyang'ana mwachilendo, koma anatenga waya n'kukalumikiza ku kompyuta yake. Timagetsi tonse tinayaka, tinathamanga kuzungulira kamodzi. Kenako tinaima. Ndinadikira. Ndinakonza mpando, ndinapukuta m'maso kuti ndione bwino, koma panalibe kanasuntha. Ndinamuuza kuti adine poyambitsira. Iye anandifunsa mwaulemu kuti kompyuta ya malemu ndaisiya kunyumba kapena. Ndinati ili ku Kitwe, koma asadandaule, nyimbo ili umu, mwini wake anandiuza yekha kuti kabokosika kamakumbukira.

Bambo uja anavula magalasi n'kukhala pansi. Anayamba kufotokoza zina za mawaya, n'kuona kuti sindikumva, n'kusiya.

“Mulamu,” anatero, “mukasoka diresi, msoko umatsala m'makina kapena pa nsalu?”

Ndinati pa nsalu.

“Aka ndi makina. Nsalu inali kompyuta ija.”

Sanafunike kuwonjezera. Ine telala wa zaka zonsezi, amene ndimadziwa kuti makina sasunga ngakhale msoko umodzi wa zonse zimene adutsamo, ndinakhala pamenepo pakamwa pali yasa. Timagetsi tija tinkangosonyeza zimene kompyuta inkatiuza. Mawu anga, besi, kupotoza konse kwa zala zawo, zonse zinali mwa mkazi mnzanga uja, amene ndinamuthamangitsa pakhomo anthu akuseka. Safunsa anadya phula. Koma ndikanafunsa chiyani, pamene ndinaona ndi maso anga, ndipo mwini wake anandiuza ndi pakamwa pake?

Tinaimba foni ku Kitwe pomwepo. Mtsikana uja anayankha mwansangala, nati kompyuta ikumuthandiza kwambiri, Mulungu andidalitse. Mnzawo wa amuna anga anamufunsa za zinthu zimene zinalimo. Iye anati itangofika inkachedwa kwambiri, inali yodzaza ndi zinthu zosatseguka, ndiye anaipititsa kwa okonza amene anaipukuta yonse n'kuikamo zatsopano, ndipo tsopano ikuthamanga bwino. Atamva kuti kuno kwati zii, anafunsa ngati walakwitsa. Ndinalanda foni n'kumuuza kuti ayi mwanangu, palibe, ulimbikire sukulu.

Bambo uja sanagonje msanga. Anaitanitsa kompyutayo pa basi, n'kupita nayo kwa anthu odziwa kufukula zofufutidwa. Anayesa ndithu, koma zimene mtsikana analemba miyezi yonseyo zinali zitakwirira zakale, ndipo sanapeze kalikonse komveka. Tinaibweza ku Kitwe. Mwanayo anamaliza maphunziro ake, ndipo diresi la tsiku lolandira satifiketi ndinamusokera ndine. Mpaka lero sadziwa chimene chinali m'kompyutamo.

Mnzawo uja, pofuna kunditonthoza, anati tiijambulenso. Anabwera ndi maikolofoni ku Kabwata, ndinapalasa makina, ndinaimba, iye n'kukapotoza manobu a kachitofu komweko mwaluso lake lonse. Zimene zinatuluka zinali zabwino, mayi woimba bwino ndithu, wodziwa kuti akujambulidwa. Ndinathokoza, koma sindinaimverenso. Iye sankadziwa pamene amuna anga ankaimirira, ndipo ine sindikanatha kumuuza, chifukwa nthawi zonsezo ndinali nditapereka msana.

Ndinasowa wokwiyira. Alamu anandichitira ulemu umene akazi amasiye ambiri sauona, mtsikana anachita zimene aliyense akanachita, okonza makompyuta anagwira ntchito imene anapatsidwa. Ndiye ndinapita kumanda kukakwiyira mwini wake. Ndinaima pamenepo dzuwa likuswa mtengo, n'kuwafunsa kuti katswiri wa mawaya amalankhula bwanji mosasamala choncho, kuti kakukumbukira, kakukumbukira, osanena kuti ndani akukumbukira. Ndinawatcha wodya anyani, wabodza, mbava ya mawu imene yalephera ngakhale kusunga zimene inaba. Ndinanena zonse zimene ndinali nazo, n'kudikira mwachizolowezi. Chikwatiranireni, aka kanali koyamba kuti ndiwanyoze iwo osabweza, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalira maliro awo enieni.

Kachitofu ndikadali nako, kali patebulo pomwe paja. Nobu ya pakona ija inaperepeseka mbali imodzi, pamene chala chawo chachikulu chinkakhala. Ndikamapukuta fumbi ndimaikapo changa n'kupotoza. Imayendabe mofewa ngati kale, ndipo imangozungulira.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikusoka mwakachetechete, koma pakamwa sipamva malamulo. Masiku ano zimachitika kuti ndili pakati pa msoko wautali, masana, ndimadzidzimuka kuti ndikuimba. Ndikudziwa kuti n'zopusa, musandiuze. Komabe ndimanyamuka msanga, ndimalowa m'kachipinda muja, ndimakoka chitseko kuti chitseke pang'ono monga ankachitira iwo, n'kukhala pampando wawo kuti mwina ndimumveko mayi uja. Ndikamakhala pansi makina amakhala ataima kale, ndipo pabalaza palibe amene akuimba.